Opita ku Likoma, muziyamba mwakonza za pobwerera

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi magulu a mpingo, makwaya ndi masukulu a kuno ku Chipata ndi maboma oyandikana nafe amene amakonza maulendo a ku chilumba cha Likoma ku Malawi. Ambiri amakhala a Anglican, ndipo m'pomveka: likulu la mishoni ya Anglican ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa) linali ku Likoma, tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903 chikadalipo, ndipo wansembe Leonard Kamungu amene anatsegula mishoni ya Msoro kuno ku Zambia anali wa mishoni yomweyo. Vuto ndi lakuti makomiti amathera nzeru zonse pa yunifomu, nyimbo ndi basi yopitira. Za kuchoka pachilumba kufika ku Nkhata Bay amangoti tikaonera komweko, pamene zinthu zimasokonekera pomwepo.

Sitima yodalirika panjirayi ndi MV Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Imazungulira kamodzi pa sabata, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba n'kubwerera. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yakuti ikamalowera kumpoto imadutsa pa Likoma Loweruka, n'kuima pa chilumba cha Chizumulu, n'kufika ku Nkhata Bay usiku wolowera Lamulungu. Ikakusiyani, yolowera ku Nkhata Bay mudzaionanso sabata yamawa. Komanso sitimayi ndi nkhalamba, nthawi zina amaiimitsa kuti aikonze. Choncho wapampando aimbe foni kudoko la Nkhata Bay gulu lisananyamuke ku Chipata, ndipo mukafika pachilumba mufunsenso eni dera za tsiku ndi sitima zina zing'onozing'ono zimene zikuyenda nyengo imeneyo.

Ola lolembedwa pa ndondomeko musalikhulupirire kwambiri. Ilala imanyamuka katundu akatha kutsitsidwa ndi kukwezedwa. Pafupifupi chilichonse chimene anthu a pachilumba amagwiritsa ntchito chimabwera pamadzi: chimanga, simenti, malata, makireti a zakumwa. Pochoka imanyamula matumba a usipa ndi nsomba zina zouma. Ikachedwa padoko limodzi kum'mwera, kuchedwako kumafika nako ku Likoma kutawonjezekera. Gulu likhale litamanga katundu kuyambira m'mawa, ndipo pasapezeke woti wapita kukasambira kutsidya lina la chilumba.

Pokwera ndi pamene pamafunika mutu. Pomwe sitima singagunde kumtunda, monga pa Chizumulu ndiponso monga zakhala zikuchitikira ku Likoma kwa zaka zambirimbiri, imaima pakuya n'kutsitsa maboti ake a injini kuti azitenga anthu pagombe. Boti nalonso silifika pamchenga penipeni. Mumalowa m'madzi, mwina ofika m'mawondo, mwina m'chiuno ngati kuli mafunde, katundu ali pamutu. Nsapato zachikopa ndi yunifomu ya Mothers' Union zikhale m'chikwama. Valani zoti zikanyowa musadandaule, ndi patapata kapena nsapato za pulasitiki. Pasipoti, foni ndi ndalama muzikulunge m'mapepala a pulasitiki awiri, mumange, muziike m'kachikwama ka pakhosi, osati m'thumba la buluku. Munthu aliyense akhale ndi chikwama chimodzi choberekera kumsana, chifukwa pochoka m'boti kulowa m'sitima manja onse awiri amafunika. Boti limakwera ndi kutsika ndi funde pamene sitima ili chiimire, ndiye mumadikira funde likweze boti, m'pamene mumaponda makwerero. Wolumpha boti likutsika ndi amene amapweteka mwendo kapena kugwetsa katundu m'nyanja. Zala musaziike m'mphepete mwa boti mbali imene yayang'ana sitima, zingapanike.

Gulu lalikulu lisaumirire kukwera boti limodzi. Gawanani anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kagulu kalikonse ndi mtsogoleri wake. Amuna awiri amphamvu atsogole kuti azikalandira katundu ndi kugwira malo, azigogo ndi ana abwere pakati, mlembi amene ali ndi mndandanda wa mayina akwere pomalizira. Anyamata a pagombe amanyamula katundu, ngakhale munthu amene, koma mtengo mugwirizane asanagwire chikwama.

M'sitimamo muli magawo. Ekonome ili pansi, ndi yotsika mtengo, koma mumadzaza, mumatentha, ndipo mumakhala pamodzi ndi matumba a nsomba. Pamwamba pali malo a fesiti kalasi opanda zipupa, pomwe mphepo imapita bwino koma usiku kumazizira kwambiri, makamaka mu Juni ndi Julayi. Bulangete kapena zitenje ziwiri musasiye. Zipinda zogona zilipo zochepa ndipo zimafuna kusungitsiratu. Ife tikuona kuti ndi bwino thumba la gulu liwonjezere ndalama kuti okalamba ndi amayi a ana akhanda akhale pamwamba, kusiyana n'kuti ndalamazo zithere ku masikipa olembedwa dzina la ulendo. Tikiti muisunge mpaka mutatuluka pageti la doko.

Tsono za mwera. Iyi ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imalimba m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi yomwe magulu ambiri amakonda kuyenda chifukwa anthu akolola ndipo ndalama zilipo. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 500, ndiye mphepo ikamayenda motsata utali wake mafunde amakula kwambiri. Sitima yochoka ku Likoma kupita ku Nkhata Bay imadula nyanja chopingasa, mafunde n'kumaimenya cham'mbali, ndipo imayendera kupendama uku ndi uku. Ife a kumtunda, amene madzi aakulu timawadziwira pa Luangwa, nseru imatipeza msanga. Mankhwala oletsa kusanza paulendo amagulitsidwa m'mafamase a m'tauni muno. Amwedwe pafupifupi ola limodzi musanakwere, chifukwa mukayamba kale kusanza sakhalanso m'mimba. Amagonetsa, choncho woyang'anira ana asamwe. Idyani pang'ono, zopanda mafuta ambiri, khalani chapakati pa sitima, ndipo maso asakhale pafoni.

Sitima ikachedwa kapena ikalephera kubwera, padzapezeka wina wokuuzani za boti lamatabwa limene likunyamuka usiku womwewo pamtengo wabwino. Kanani, makamaka nyengo ya mwera. Pakati pa Likoma ndi Nkhata Bay pali makilomita pafupifupi 70, ndipo mukangodutsa Chizumulu ndi madzi akuya opanda pothawira. Chombo chilichonse chimene mwakwera, funsani pomwe pali majekete oyandamitsa musanakhale pansi. N'chifukwa chake bajeti iyenera kukhala ndi ndalama za chakudya ndi malo ogona za masiku ena awiri kapena atatu, ndipo ogwira ntchito asalonjeze abwana kuti Lolemba m'mawa adzakhala ali muofesi. Ndalamazo zikhale makwacha a Malawi, zogwirika m'manja, zosinthidwa musanawoloke nyanja.

Mukafika ku Nkhata Bay usiku, musathamangire kutuluka mumdima ndi gulu lonse. Werenganani, werengani zikwama, dikirani kuche. Maminibasi a ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, amayamba m'mamawa. Kuchoka ku Mzuzu msewu wa M1 umadzera ku Jenda ndi Kasungu mpaka ku Lilongwe, kenako mumalowera ku Mchinji ndi pachipata cha Mwami. A ku Lundazi safunika kuzungulira konseko, angatsike pa Jenda n'kulowera pachipata cha Lusuntha. Onetsetsani kuti masiku amene anakudindirani mu pasipoti polowa m'Malawi akukwanira ngakhale sitima itachedwa sabata yathunthu.

Pomwe mwaponda madzi a m'mphepete mwa nyanja, likodzo lingakhalepo. Amene angaone magazi m'mkodzo kapena kutentha thupi patapita masabata angapo apite kuchipatala akanene kuti anali kunyanja, kuti akamuyeze likodzo pamodzi ndi malungo.

Ndife owerenga anu,
Kapata, Chipata