Phala la mwana wasukulu limakonzekeredwa dzulo lake

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi makolo amene tsiku lawo limayamba kusanache, ena kuthamangira minibasi ya kuntchito, ena kukapikula katundu kumsika, ena kumunda. M'makomo ambiri otere mwana amanyamuka atangomwa tiyi wopanda mkaka, kapena amapatsidwa kandalama koti akagule kanthu pageti la sukulu, ndipo tonse tikudziwa kuti kanthuko amakhala maswiti. Ikamakwana 10 koloko mwanayo ali kuwodzera m'kalasi. Makolowa chikondi ali nacho. Chimavuta n'chakuti ntchito yonse imaunjikana pa ola limodzi la m'mawa, pomwe yambiri ikanatha kugwiridwa Loweruka kapena usiku wadzulo lake.

Tiyambe ndi ufa, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Ufa wa Likuni Phala, womwe dzina lake linachokera ku chipatala cha Likuni ku Lilongwe, mukhoza kuupanga nokha kamodzi pamwezi. Muyeso wake ndi mbale zinayi za chimanga pa mbale imodzi ya soya, tinene makilogalamu 8 a chimanga ndi 2 a soya. Ufa umenewu umakwanira ana atatu pafupifupi mwezi wathunthu. Chimangacho musakonole, mgaiwa ndi umene uli ndi chakudya chambiri kuposa ufa woyera. Soya musankheni bwino, kuchotsa miyala ndi njere zowola, kenako mumukazinge pang'onopang'ono m'chiwaya pamoto wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20 mukutakasa osaleka, kufikira atafiirira ndipo akuphwanyika msanga mukamuluma. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya bwino chakudya, n'chifukwa chake ana ena amatupidwa kapena kutsegula m'mimba mpaka makolo n'kumati soya sawayanja. Moto ukachulukanso amapserera kunja mkati muli mosapsa, phala lake n'kumawawa. Akazizira mufikiseni ndi manja, mupete makoko palichero, musakanize ndi chimanga, basi ulendo wa kuchigayo.

Ufa ukachoka kuchigayo umakhala wotentha, choncho uyanikeni kaye pamphasa uzizire musanauthire m'ndowa yotseka. Mukautsekera uli wofunda umachita thukuta n'kugwira nkhungu. Musagayitsenso wa miyezi itatu pofuna kupulumutsa ndalama ya chigayo, soya ali ndi mafuta ndipo ufa wake ukakhalitsa umasintha fungo. Nsinjiro zikhale pazokha, zosinjidwa zokwanira sabata imodzi, ndipo mtedza wofota, wakuda kapena wowawa utayidwe. Umenewo ndi umene umakhala ndi chuku, poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo satha ngakhale muphike chotani.

Madzulo, moto wophikira nsima usanazilale, wiritsani madzi muthire m'fulasiki. Pamoto womwewo ikani mbatata, chinangwa kapena mazira zoti ana akadye pabuleki. Zikapsa zisiyeni zizizire zili pambalambanda m'mbale yovundikira ndi kansalu koyera. Mukazitsekera m'kontena zikadali zotentha, pofika m'mawa zayamba kusasa. Nyemba za mawa zivikeni usiku womwewo, zimapsa msanga ndipo makala amatsalako. Phala lokha musaphikiretu usiku, makamaka la mkaka kapena la nsinjiro, silichedwa kuwonongeka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

M'mawa kapu imodzi ya ufa imafuna makapu atatu kapena anayi a madzi, ndipo imakwanira ana awiri. Ufawo usungunuleni kaye m'madzi ozizira pang'ono musanathire a m'fulasiki aja, apo ayi phala limachita timibulu ndipo ana amalikana. Likayamba kubwata lisiyeni mphindi 10 mpaka 15, muthire kamchere ka ayodini, masupuni awiri a nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta ophikira, shuga pang'ono. La mwana wamng'ono likhale lolimbirako, loti silikuyenderera pasupuni. Phala lamadzimadzi limadzaza kamimba koma mphamvu mulibe.

Chenjezo limodzi lisandipite: m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, kapena magetsi akazima, musalowetse mbaula yamakala m'nyumba yotseka mazenera, ngakhale kwa kanthawi. Mpweya wa makala sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo, ena osadzukanso.

Zotsalazo ndi za ana eni ake. Wa sitandade 1 akhoza kuika makope ndi pensulo m'chikwama asanagone. Wa sitandade 4 apolishe nsapato ndi kupachika yunifolomu pamalo amodzi omwewo tsiku lililonse, sokosi zili m'nsapato. Wamkulu atunge madzi osamba. Homuweki ionedwe chakudya chamadzulo chisanafike, osati m'mawa mwana ali pakhomo, ndipo uthenga wa aphunzitsi wofuna ndalama ufunsidwe nthawi yomweyo. Abambo, apa musati n'za kukhitchini. Kukazinga soya Loweruka, kupita kuchigayo ndi kuona makope sizifuna chitenje.

Ena anena kuti kusukulu kwawo ana amalandira phala, monga m'masukulu amene muli Mary's Meals, bungwe lomwe linayamba ntchitoyi kuno ku Malawi mu 2002. N'zoona ndipo n'zothandiza, koma si sukulu zonse, ndiponso Loweruka, Lamlungu ndi patchuthi phalalo kulibe. Masiku amenewo ndowa ya ufa ija ikhale ilipo panyumba.

Mlangizi wa za kadyedwe,
Lilongwe