Thanki ya bayogasi imafuna kudyetsedwa ngati ng'ombe

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya bayogasi, mpweya wophikira wochokera ku ndowe, umene ambiri akuutama kuti ndiye yankho la kumudzi. Ndimaweta ng'ombe zamkaka zitatu, ndipo thanki yanga yandiphunzitsa zimene omanga ake sanandiuze.

Thanki ija ndi chifu. M'kati mwake, momwe mphepo simalowa, muli tizilombo tosaoneka ndi maso, abale a tija ta m'mimba mwa ng'ombe. Timeneti timagaya ndowe n'kutulutsa mpweya umene pafupifupi 60 peresenti yake ndi methane, woyaka uja. Tsono chifu sichidya kamodzi pamwezi. M'mawa uliwonse ndikatha kukama ndimawola ndowe zaziwisi, kutola udzu ndi timiyala, n'kuthira madzi, chidebe cha ndowe chidebe cha madzi, kuvundula mpaka zitachita phala, kenako kutsanulira m'thanki. Makilogalamu 25 a ndowe amapereka mpweya pafupifupi kiyubiki mita imodzi, woti mbaula n'kuyaka maola awiri kapena kuposerapo. Apa ndi pamene ife a ng'ombe zamkaka tili ndi mwayi: ng'ombe zathu zimadyera m'khola, ndowe sizimwazikira kutchire.

Ubwino wake sindikutsutsa. Lawi lake ndi la buluu, mapoto sada, ndipo mayi a kunyumba anasiya kutuluka m'khitchini akutsokomola, maso ali psuu. Zotsalira zimene zimasefukira kunja ndi manyowa amphamvu, osanunkha ngati ndowe za pamulu, ndipo ine ndimathira mu nsenjere zomwe ng'ombezo zimadya.

Koma tsiku lina lawi linayamba kuphethira, kenako zii. Ndinaimbira amene anamanga, foni yosapezeka. Mwezi wathunthu tinabwerera ku nkhuni. Vuto lake? Madzi ochepa chabe amene anadikha m'paipi, chifukwa mpweyawu umatuluka ndi chinyezi ndipo pamafunika kampopi kotayira madziwo pamalo otsika. Ulendo wina ndinadzipweteka ndekha: madzi otsukira khola, a sopo ndi mankhwala ophera nkhupakupa, ndinawalola kulowa m'thanki. Tizilombo tija tinafooka, mpweya n'kutha. Ndowe za ng'ombe imene ikubayidwa mankhwala a matenda a bere nazonso ndi bwino kuziika padera. Ndiye palinso kuzizira: tizilomboti timakonda kutentha kwa madigiri 35, ndipo kukazizira timachita ulesi, moti mlimi wosadziwa amangoti thanki yafa.

Zonsezi n'zazing'ono, koma ndi zimene zimasandutsa thanki kukhala dzenje la achule. Dziko la China linamanga matanki mamiliyoni m'zaka za m'ma 1970, ndipo ambiri anasiyidwa chifukwa anamangidwa mothamanga n'kumadontha. Ku Nepal, pa ndondomeko imene inayamba mu 1992 mothandizidwa ndi bungwe lachitukuko la ku Netherlands lotchedwa SNV, anachita mosiyana: amisiri ankaphunzitsidwa, ntchito yawo inkayenderedwa, ndipo kampani yomanga inkayenera kubwereranso kudzaona ngati thanki ikugwira. Matanki a kumeneko ambiri anakhalitsa.

Pempho langa kwa mabungwe ndi maboma amene akuika ndalama pa ntchitoyi ndi lakuti asamawerenge matanki omangidwa, aziwerenga oyaka patatha zaka zitatu. Asanakumbe dzenje, afunse kaye ng'ombe zilipo zingati, komanso madzi akuchokera kuti, chifukwa zidebe za tsiku ndi tsiku zija pali wina amene azizisenza pamutu. Ndipo pagulu lililonse la alimi a mkaka pakhale mmisiri mmodzi wapafupi, wodziwa kupaka thovu la sopo pa paipi kuti apeze podontha, amene tingamupeze pa njinga lawi likazima.

Mlimi wa ng'ombe zamkaka