Ngongole zatilanda mawu pa dziko lathu

Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi amene akuombera m'manja kuti nkhani ya ngongole za Zambia yatha, chifukwa dziko limene bajeti yake imayamba yadutsa m'manja mwa alendo silinganene kuti likudzilamulira lokha.

Titalephera kubweza ngongole mu Novembala 2020, tsogolo lathu linakakambidwa ndi a IMF, bungwe lokongoza ndalama ku mayiko, ndipo pangano lokonzanso ngongole ya madola 6.3 biliyoni linalengezedwa ku Paris mu Juni 2023, mayiko a China ndi France ndiwo ankatsogolera otikongoza. Ine ndimalima nsawa kufupi ndi Mwami. Boma litachotsa thandizo la pa mafuta mu Disembala 2021, mwini galimoto amene amanditengera matumba kumsika wa Kapata anakweza mtengo sabata yomweyo, koma wogula nsawa sanawonjezere ngakhale ngwee imodzi. Khansala ndingamuchotse ndi voti yanga, nanga wa IMF wa ku Washington ndimupeza kuti?

Ndikupempha kuti pangano lililonse la ngongole lizikambidwa poyera m'Nyumba ya Malamulo ndi kuulutsidwa pa wailesi m'zinenero zathu lisanasainidwe. Komanso popeza bungwe la mayiko a mu Africa la African Union linalowa mu G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu, mu 2023, mayiko a mu Africa azikakambirana ndi otikongoza ali pamodzi, osati mmodzimmodzi.

Mlimi wa nsawa,
Chipata