Tikusowa zokwechera mapoto zolimba kuno ku Angónia

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za kanthu kamene ena angakaone ngati kachabechabe, koma ife amene manja athu amakhala m'madzi kuyambira mbandakucha timakadziwa bwino. Ndikunena chokwechera mapoto.

Ine ndimaphika nsima yogulitsa pafupi ndi msika wa Ulongwe. Amene amadya kwa ine ndi oyendetsa mashapa (maminibasi) a ku Tete ndi ku Calómuè, anyamata onyamula matumba a kachewere, ndi azimayi a ku Domwe obwera ndi nyemba. Ndili ndi masefuliya akuluakulu anayi, ndipo ndimaphika pankhuni. Madzulo aliwonse kunja kwa sefuliya kumakhala bii ndi mwaye, mkati muli nkhoko zouma gwa.

Mwezi wathawu bambo wina wachikulire, amene wakhala akudya pamalo panga zaka zambiri, anatema mbamu, n'kusunsa m'nyemba, n'kuponya mkamwa. Ndinangoona asiya kutafuna. Anapisa chala mkamwa n'kutulutsa kawaya kotalika ngati chikhadabo, kofiira ndi dzimbiri. Anakaika m'mphepete mwa mbale, nati, "Mayi, taonani." Sanakalipe ayi, ndipo ndalama zimene ndinkawabwezera anazikana. Koma ine usiku umenewo tulo sitinabwere. Pabenchi lomwelo pamakhala azimayi odyetsa ana. Kawayako kakanalowa pakhosi pa mwana, ndikanauyamba bwanji mlandu wake?

Kanachokera ku waya wotsukira amene ndinagula dzulo lake. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsafunsa, ndipo zimene ndapeza n'zimene zandilembetsa kalatayi.

Sitiluwulu, amene pamapaketi a kuno amalemba kuti palha de aço, tonse timamudziwa. Ndi chitsulo wamba chopyapyala ngati tsitsi, ndipo sanama: ukamunyowetsa lero, mawa wafiira, mkuja wasanduka fumbi. Amawalitsa poto wa aluminiyamu bwino, koma ndi wa tsiku limodzi basi. Vuto langa lili pa waya wopotanapotana wonyezimira uja. Alipo a mitundu iwiri ofanana ngati mapasa. Wina ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chimene paketi yake imalembedwa kuti inox. Chitsulo chimenechi amachisakaniza ndi chitsulo china chotchedwa kolomiyamu, ndiye madzi sachidya msanga. Winayo ndi chitsulo wamba chimene angochikuta ndi zinki. Ukangokwecha sefuliya kawiri katatu, zinki uja amapalika, dzimbiri n'kulowa, waya n'kuyamba kuthothoka tizidutswa. Pamsika onse awiri amawatulutsa m'mapaketi n'kuwaunjika m'beseni limodzi, mtengo umodzi. Ukafunsa mnyamata wogulitsa amangoti, "Ndi wolimba uyu, amayi, tengani." Naye sadziwa, anangopikula katoni.

Tija tobiriwira tokhala ndi siponji yachikasu kumbuyo nato n'chimodzimodzi. Mbali yobiriwirayo ndi ulusi wa nayiloni womatidwa timchenga tokhakhala. Ikakhala yotchipa, madzi ofunda okha amakwana kusungunula guluu wake. Pofika Lachitatu siponji ili pano, chobiriwira chili apo, ndipo m'madzi otsukuluzira mbale mumayandama tiulusi.

Mng'ono wanga amene amagwira ntchito mumzinda wa Tete anandibweretsera waya wa inox weniweni, wa m'paketi yomata. Anagula ma meticais 50. Lero akutha sabata yachisanu ndi chimodzi, sanafiire, sanathothoke. Wa m'beseni uja ndimagula ma meticais 10 ndipo sapitirira masiku atatu. Werengerani nokha, a Mkonzi, kuti pa masabata asanu ndi limodzi ndimataya zingati. Koma sindingakwere shapa kudzera pa Mussacama ndi Moatize ulendo wa maola angapo kukagula waya. Anzanga ena amadumpha malire kupita ku Dedza kapena ku Lizulu, n'kubwerako ndi zofanana ndi za kunozi.

Panopa ndikagula waya watsopano, ndimadulako kachidutswa n'kukaviika m'kapu ya madzi amchere masiku atatu. Madzi akasintha mtundu, ameneyo sayandikira mkati mwa poto wanga. Ndimamusiya wokwechera mbaula ndi simenti ya pakhonde.

Nkhani imeneyi yandikumbutsa malemu mayi anga. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Dedza, ndipo tinabwerera kuno mtendere wa 1992 utakhazikika. Zaka zonsezo sindinawaonepo akugula chotsukira, koma mapoto awo pathandala ankachita kuthobwa m'maso. Asanateleke poto ankakanya phulusa ndi madzi n'kumata kunsi konse, ndiye mwaye unkagwira phulusalo osati poto. Akangomaliza kuomola nsima ankathira madzi mumphika, nkhoko n'kumafewa zokha anthu akudya. Kunja ankakwecha ndi chitsononkho ndi phulusa, nthawi zina chidutswa cha thumba. Mchenga wa kumtsinje ankaukana pa sefuliya, ankati umadya poto, ndipo ankanena zoona, chifukwa aluminiyamu ndi wofewa. Masefuliya anga awiri apyapyala kunsi kaamba ka kukwecha ndi waya tsiku ndi tsiku. Koma mbale ndi makapu, zimenezo zinali za chinkhupule.

Chinkhupule n'chimene ndikufuna anthu a kwathu achikumbukire. Ambiri timachiona ngati chosambira chokha. Chimayanga pampanda ngati dzungu, maluwa ake achikasu, chipatso chake ngati nkhaka yaitali. Uchisiye chiumire pamtengo pomwepo mpaka khungu lichite bulauni, ukachigwedeza njere zizilira mkati. Ukatero umenye khungulo, ugugude njere zakuda zija zituluke, uchichape, uchiyanike, udule zidutswa zokwana m'dzanja. Chimodzi chachikulu chimatuluka zidutswa zinayi. Sichikanda mbale za pulasitiki, sichichita dzimbiri, ndipo kaulusi kake kakatsalira m'mbale sikangabaye munthu. Ukamaliza kutsuka uchifinye n'kuchipachika padzuwa, chifukwa chikagona m'madzi chimada n'kuyamba kununkha. Chikatha umangochiponya kudzala, chimaola. Sindikunama kuti chingachotse nsima yopserera, pamenepo waya wabwino amafunikabe. Koma ntchito yambiri ya kukhitchini chimaitha.

Kuno kumapiri a Angónia ndi Tsangano kumazizira, ndipo chinkhupule chimakonda kutentha komanso chimafuna miyezi yambiri kuti chikhwime. Choncho n'chofunika kubzala ndi mvula yoyamba kuti chisanu cha Juni chichipeze chitakhwima kale. Anzathu a kumunsi kotentha cha ku Moatize angachilime mosavuta kuposa ife. Ndimadabwa kuti pamsika wonse wa Ulongwe, pamene pamadzaza kabichi, matimati ndi anyezi, mayi wogulitsa zinkhupule umachita kumusaka.

Ndiye pempho langa likupita kwa eni mashopu opikulitsa: tibweretsereni waya wa inox weniweni, mumusiye m'paketi yake kuti tiwerenge tokha. Mtengo ukakwera tidzagulabe, ife ophika tatopa n'kugula kawiri pa sabata. Wokutidwa zinkiyo mugulitse, koma mutiuze chimene ali. Akuluakulu a boma oyang'anira malonda akamayendera mashopu kuona masiku a zakudya, aponyeko diso pa zinthu zimenezi, poti nazonso zimathera m'mbale ya munthu.

Ine zinkhupule zanga za chaka chino zinatuluka khumi ndi zinayi kuchokera pa mitengo iwiri yokha kuseri kwa bafa. Njere ndasunga zodzaza botolo. Mayi aliyense wofuna afike kumene timaphika nsima pafupi ndi msika mvula isanagwe, ndidzamupatsako ulere.

Ndine,
Mayi wophika nsima,
Ulongwe, Angónia