Kwa mwana wanga ku Dublin, za mlamu wako ndi nyimbo ija

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino. Mvula yayamba, mayi ako abzala kale chimanga, ndipo bondo langa lija likundilola kufika kutchalitchi. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi china. Mkazi wako analankhula ndi mayi ako pa WhatsApp Lamulungu lapitali, ndipo nkhani ya iwe ndi mlamu wako yatipeza. Usamukwiyire mpongozi wathu. Anachita bwino kutiuza, chifukwa iwe ndimakudziwa, ukanangoimeza.

Mmene ndamvera, munapita awiri ku bwalo la Aviva ku Dublin kukaonera rugby, nonse mutavala jezi yobiriwira ya timu ya Ireland. Itayamba nyimbo ya fuko, Amhrán na bhFiann, iwe unaimba ndi mtima wonse, mawu aja unavutika kuloweza utalandira unzika. Mlamu wako anaimirira chilili, manja kumbuyo, osatsegula pakamwa. Itabwera nyimbo ya timu ya rugby, Ireland's Call, anaimba. Mpira utatha, muli pamowa ndi anzanu, unamufunsa pagulu kuti ngati nyimbo ya dziko imamutsamwa, jeziyo amaivaliranji. Anthu anaseka, iye anatenga jekete n'kutuluka, ndipo mpaka lero sakuyankha foni yako. Ngati pena ndamva molakwa undikonze. Koma ngati zinayenda choncho, wolakwa ndiwe, ndipo walakwa kwambiri kuposa mmene ukuganizira.

Munthu ameneyo kwawo ndi ku Ballymena, kumpoto kwa Ireland kumene kuli pansi pa Britain, anakulira mu mpingo wa Presbyterian, ndipo pasipoti yake ndi ya Britain. Iwe ukuona ngati anabwereka jezi ya eni. Ayi. Timu imeneyo ndi yakale kuposa malire amene adula chilumbacho. Bungwe loyendetsa rugby ku Ireland, la IRFU, linakhazikitsidwa mu 1879, pamene dziko linagawidwa mu 1921, maboma 26 kum'mwera ndi 6 kumpoto. Mpira wamiyendo unang'ambika pakati, n'chifukwa chake lero Belfast ili ndi timu yake, Dublin yakenso. A rugby anakana kupatukana. Mpaka pano amasankha osewera kuchokera m'zigawo zonse zinayi, Leinster, Munster, Connacht ndi Ulster. Jezi yobiriwirayo si ya boma la ku Dublin, ndi ya chilumba chonse. Willie John McBride, amene anasewerera Ireland maulendo 63, kalabu yake inali ya ku Ballymena konko. Agogo a mlamu wako ankachemerera timu imeneyi iwe ndi ine tisanamvepo dzina loti Ireland.

Tsono nyimbo. Amhrán na bhFiann ndi nyimbo ya asilikali, ya anthu amene anamenyana ndi Britain kuti apeze ufulu. Kwa munthu wakum'mwera, monga wa ku Cork, ndi nyimbo yopatulika, ndipo ine amene ndinabadwa pansi pa atsamunda ndimaimvetsa. Koma munthu wakumpoto amene anakula m'zaka za mavuto zija, pamene anthu oposa 3,500 anaphedwa, amamvamo zina. Mu Epulo 1987, osewera atatu a Ulster, chigawo chakumpoto, Nigel Carr, David Irwin ndi Philip Rainey, anali pa galimoto kupita ku Dublin kukakonzekera Chikho cha Dziko Lonse. Pamalire, ku Killeen, bomba la IRA, gulu la zida limene linkamenyana ndi ulamuliro wa Britain kumpoto, linaphulika. Linapha woweruza milandu Maurice Gibson ndi mkazi wake, ndipo galimoto ya anyamatawa inali pomwepo. Carr anavulala kotero kuti mpira wake unathera pamsewupo. Taganiza bwino, mwana wanga. Anyamata amenewa ankadutsa malire kukavala jezi yomwe iweyo ukuti wakumpoto sayenera kuivala. Ndani angaimirire n'kuwafunsa chifukwa chake sankaimba?

N'chifukwa chake mu 1995 akuluakulu a rugby anapempha Phil Coulter, munthu wa ku Derry, kuti apeke nyimbo yoti aliyense aimbe popanda kumeza malovu owawa. Ndiyo Ireland's Call. Ambiri amainyoza kuti ndi yozizira, ilibe mbiri kumbuyo kwake. Anyoze. Ine chimene ndimaonamo ndi chakuti mbali zonse ziwiri zinataya kanthu. Wakum'mwera anavomera kuti timu ikamasewera kunja nyimbo yake ya fuko isaimbidwe. Wakumpoto anavomera kuti akafika ku Dublin aimirire pansi pa mbendera imene si yake, amvere nyimbo imene si yake, pamene yake sidzaimbidwa m'dzina la timuyi. Ngakhale mu 2007, Ireland itasewera ndi Italy ku Ravenhill, mu Belfast mwenimweni, nyimbo ya fuko ya Britain, God Save the Queen, sinaimbidwe, ndipo ena kumpoto zinawapweteka. Mlamu wako zonsezi amazidziwa, komabe amakwera sitima kubwera. Kuimirira kwake kuja, ali chete, ndiye mbali yake ya pangano. Anaisunga. Iwe ndi amene unaswa.

Ndikuuze za chete wina amene anthu a kumeneko amanyadira. Ukudziwa bwalo la Croke Park. Pa 21 Novembala 1920 magulu ankhondo a Britain anawombera anthu oonera mpira pabwalo limenelo, napha anthu 14, mmodzi mwa iwo wosewera wa Tipperary, Michael Hogan, amene dzina lake lili pa mbali ina ya bwalolo mpaka lero. Kwa zaka zambiri bungwe la GAA, loyendetsa masewera achikhalidwe a Ireland komanso mwini wa bwalolo, silinkalola rugby kapena mpira wamiyendo kupondapo. Linasintha lamulo mu 2005 chifukwa bwalo la rugby la Lansdowne Road linkafunika kumangidwanso. Ndiye pa 24 Febuluwale 2007 timu ya England inabwera pamalo omwewo, ndipo nyimbo ya mfumukazi inayenera kuimbidwa. Dziko lonse linali ndi mantha kuti anthu akuwiza. Sanakuwize. Anthu oposa 80,000 anaimirira, eni dziko ali phee mpaka nyimbo inatha, kenako anaomba m'manja. Itabwera yawo anaimba mpaka John Hayes, chimunthu cha ku Munster chija, misozi chuchuchu. Ireland inapambana 43 kwa 13, koma ukafunsa amene analipo, ayamba kukuuza za chete uja, zigoli pambuyo. Tsiku limenelo anthu a ku Dublin anachita chimodzimodzi chimene mlamu wako amachita nthawi zonse akabwera: kulemekeza nyimbo ya mnzako popanda kunamizira kuti ndi yako.

Nkhaniyi imandikhudza pamalo ena amene sindinakuuzepo bwino. Ndili pantchito kumigodi ku Chingola, iwe usanabadwe, tinkapita pabwalo pa 24 Okutobala kukakondwerera ufulu wa Zambia. Nyimbo ikayamba ndinkavula chipewa, kuimirira bwinobwino, koma sindinkaimba. Sindinkadana nayo. Ndinkangoona kuti lumbiro langa lili kwina ndipo sibwino kulumbira ndi milomo yokha. Chaka china mnzanga wa pa shifiti imodzi, munthu amene tinkagawana nsima pansi pa nthaka, anatembenuka n'kunena mokweza kuti taonani wa Kamuzu uyu, akudya ndalama zathu koma nyimbo yathu ikumuwawa. Nthawi imeneyo Malawi anali paubale ndi boma la tsankho la South Africa, choncho mawuwo anali olemera. Ndinayang'ana pansi, chipewa chili m'manja, ndikuchipotokola. Papita zaka zoposa makumi anayi koma ndimakumbukirabe kutentha kwa m'makutu kuja. Mnzangayo anadzabwera kunyumba patatha sabata, atanyamula nkhuku. Akanapanda kubwera, mwina bwenzi ndikumusungirabe.

Ku Chingola konko n'kumene ndinayambira kuonera rugby, pakalabu ya pamgodi, ndipo n'komwenso ndinamvera dzina la Dr Kyle. Ife tinkangomudziwa ngati dokotala wa opaleshoni amene anthu ankamutchula mwaulemu. Ndinadziwa mochedwa kuti Jack Kyle ameneyu, mwana wa ku Belfast, ndiye anali wosewera wodalirika wa Ireland pamene inagonjetsa matimu onse anayi, France, England, Scotland ndi Wales, mu 1948, ndipo chigonjetso chomaliza chinachitikira ku Ravenhill. Mu 2002 anamusankha kukhala wosewera woposa onse m'mbiri ya rugby ya Ireland. Anagwira ntchito ku Zambia kuyambira 1966 mpaka 2000. Woposa onse amene anavalapo jezi imene ukuinyadirayo anali wakumpoto ngati mlamu wako, ndipo anathera zaka 34 akusoka mabala a anthu athu.

Usandimve ngati ndikuti masewera alibe ndale, kapena kuti a rugby ndi oyera. Mu 1981 IRFU inatumiza timu ku South Africa ya tsankho, boma lawo lomwe likukana, ndipo ife ku Zambia zinatiwawa. Osewera ena, monga Tony Ward ndi Hugo MacNeill, anakana kupita, ndipo ndimawalemekeza. Ndale zilimo. Ngati ukufuna kukambirana ndi mlamu wako za tsogolo la chilumbacho, kaya kumpoto kudzagwirizane ndi kum'mwera kaya ayi, kambiranani muli awiri, tiyi ali patebulo, iwe ukumvetsera kwambiri kuposa kulankhula. Pangano la mtendere la Good Friday la 1998 linalola munthu wakumpoto kudzitcha wa Ireland, wa Britain, kapena zonse ziwiri. Anthu anaika maliro ambiri asanafike pa chiganizo chimenecho. Iwe wafika dzana, unzika wako sunaume n'komwe inki, ndiye ukhale woyeza anthu kuti wa Ireland weniweni ndani? Kwa eni kulibe mkuwe.

Nyimbo uziimbabe. Ndinasangalala nditamva kuti unailoweza, chifukwa dziko limenelo lakupatsa ntchito, mkazi ndi mwana, ndipo kulithokoza n'koyenera. Koma mwana wakoyo ali ndi magazi a ku Dedza ndi a ku Ballymena, akukulira ku Dublin. Tsiku lina adzaima pabwalo pakati pa iwe ndi malume ake, wina akuimba wina ali chete, ndipo adzayang'ana nkhope yako kuti adziwe ngati malume akewo ndi munthu woti amuchitire manyazi.

Usapepese pa foni, ndipo usatume mkazi wako. Kwera sitima pa siteshoni ya Connolly, ukamupeze kwawo. Unamuchititsa manyazi pamaso pa anthu, choncho ukabwerako uwauzenso anzako aja kuti unalakwa. Akakana kukulandira ulendo woyamba, udzapitenso. Masewero a rugby a mayiko asanu ndi limodzi, a Six Nations, akuyamba Febuluwale. Ngati matikiti angapezeke, gula awiri, ina umusiyire m'manja.

Mayi ako akuti chitenje chija chinafika, ndipo akufuna chithunzi cha mdzukulu atavala kajezi kake. Undilembere ukabwerako ku Ballymena.

Ndine bambo ako.