Kuponi ya ku Britain safunsira kwa amfumu

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo ndilankhule ndi abale athu amene angofika kumene kuno ku Britain, makamaka anzanga ogwira ntchito yosamalira okalamba. Mwezi wathawu ndinaperekeza mtsikana wina wa ku Dedza kukagula zakudya. Polipira, wogulitsa anamufunsa ngati ali ndi khadi ya sitoloyo. Mwana uja anapukusa mutu msangamsanga ngati wafunsidwa chitupa. Tili panja anandinong'oneza kuti ankaopa kuti khadiyo ndi ya ngongole. Tsiku limenelo anasiya mapaundi angapo amene akanatsala m'thumba mwake.

Sindinamuseke, chifukwa inenso ndinali choncho. Ife a kumudzi mawu oti kuponi tinawadziwira pa feteleza, kuyambira 2005 m'nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika. Pankakhala kalembera, amfumu ankaitana mayina, kenaka mzere wautali pa ADMARC. Ndiye mumtima mwathu kuponi ndi chinthu cha ovutika, choyembekezera kuti wina akulembe. Kuno palibe amene amakulemba. Umadzitengera wekha, ndipo mayi wotsika m'galimoto ya mtengo wapatali amaitulutsa pa kauntala mopanda manyazi.

Makuponi ambiri masiku ano ali mu foni. Sitolo ya Tesco ili ndi khadi yotchedwa Clubcard, imene inayamba mu 1995, Sainsbury's ili ndi Nectar, ndipo Lidl ili ndi Lidl Plus. Kulembetsa n'kwaulere ndipo sikukhudzana ndi ngongole. Ku Tesco paundi iliyonse imakupatsa pointi imodzi, ndipo mapointi 150 amasanduka kuponi ya £1.50. Ku Nectar mapointi 500 ndi £2.50. Kunena zoona mapointiwo ndi nyenyeswa chabe. Phindu lenileni lili pa shelefu, pamene chinthu chimodzi chimalembedwa mitengo iwiri, wa anthu a khadi ndi wa ena onse. Wopanda khadi amalipira wapamwambawo, monga anachitira mtsikana wa ku Dedza uja.

Ena amabwera pa pepala. Risiti musamaiponye m'bini musanaione, poti nthawi zina makina amatulutsa kakuponi pamodzi nayo. Magazini yaulere imene imaikidwa pakhomo la Tesco imakhalanso ndi makuponi mkati. Palinso mapulogalamu a pa foni monga Shopmium, amene amakubwezera ndalama ukajambula risiti, ndi Too Good To Go, kumene masitolo ndi malo ophikira buledi amagulitsa motchipa zakudya zotsala tsikulo. Kumeneku susankha, umalandira thumba lomangamanga, ndiye tsiku lina umangopeza makeke okhaokha.

Koma chimene chandithandiza kuposa zonsezi si kuponi ayi, ndi timapepala tachikasu. Madzulo masitolo amamata timapepalati pa nyama, nkhuku, buledi ndi masamba amene tsiku lake latsala pang'ono kutha, mtengo n'kutsika kwambiri. Ife ogwira ntchito ya mashifiti tili ndi mwayi, chifukwa nthawi yoweruka imagwirizana ndi nthawi yomata. Ndimagula nkhuku, n'kufikira kuiduladula ndi kuiika mu firiza. Chaka cha 2023, pamene mitengo ya zakudya m'mwezi wa Marichi inali itakwera kupitirira 19 peresenti poyerekeza ndi Marichi wa 2022, ndiwo za m'nyumba mwanga zinkachokera pamenepo.

Tsopano ndinene chimene chandilembetsa kalatayi. Sitolo si azakhali anu. Ikakupatsani kuponi ikufuna mubwerenso, ndipo khadi ija imaiuza zonse zimene mumagula, n'chifukwa chake makuponi amene amabwera amaoneka ngati akukudziwani. Ine zinandionekera. Sitolo ina inanditumizira kuponi yoti ndikagula zinthu zokwana mtengo wakutiwakuti andichotserako pang'ono. Dengu langa silinafikepo, ndiye ndinayamba kuzungulira kufunafuna zodzazira: tchizi chimene kunyumba palibe amadya, mabisiketi, sopo wachitatu. Ndinatuluka ndikumwetulira kuti ndapulumutsa ndalama, chonsecho ndinali nditawononga zoposa zimene anandichotsera. Tchizi chija chinachita nkhungu mu firiji, ana akungochilambalala.

Kuyambira pamenepo ndimalemba kaye zimene zatha m'nyumba, kenaka ndiye ndimatsegula foni kuona ngati pali kuponi ya zimenezo. Ndikayamba ndi foni, ndiye kuti sitolo ndi imene yalemba mndandanda wanga. Ndimayang'ananso timanambala tating'ono ta pansi pa mtengo, tosonyeza mtengo wa magalamu 100 kapena wa kilogalamu. Kawirikawiri mpunga wa dzina lotchuka, ngakhale uli ndi kuponi, umakhalabe wodula kuposa wa dzina la sitolo yomweyo. Sitolo ya Aldi ilibe n'komwe khadi ya mapointi, koma pa zinthu zambiri ndimapeza kuti kumeneko n'kotchipa.

Ndipo tisanamizane, zimene ife timadya kwenikweni sizikhala pa makuponi. Sindinaonepo kuponi ya ufa wa nsima, usipa kapena nyemba zouma. Zimenezi timazipeza m'masitolo a amwenye ndi a anzathu a ku West Africa, ndipo kumeneko njira ndi ija ya kwathu yomwe: kusonkherana. Ife tilipo mabanja anayi a mpingo umodzi. Timagula thumba lalikulu la ufa ndi la mpunga, n'kugawana pa sikelo ya kukhitchini. Mtsikana wa ku Dedza uja tamulowetsa m'gulu mwezi uno, ndipo khadi analembetsa tili m'basi pobwerera.

Ine wanu,
Mayi wowerenga nyuzipepala yanu,
Leicester