Ana athu kuno ku England akufika mochedwa ku chithandizo cha kunenepa

Akonzi,

Ndipatseniko malo ndilankhule ndi makolo anzanga a ku Malawi amene tikulera ana kuno ku England, komanso ndi onse ogwira ntchito za umoyo amene amawerenga tsamba lanu.

Kuno ana amayezedwa msinkhu ndi kulemera kusukulu kawiri: akamayamba, ali ndi zaka 4 kapena 5, ndiponso akafika Year 6, ali ndi zaka 10 kapena 11. Kalata ya mwana wanga wamkazi itafika, yonena kuti walemera kwambiri kuposa msinkhu wake, ndinapsa mtima. Ndinaipinda n'kuiponya m'dirowa. Mumtima ndinkati anthu awa akundinena kuti sindidziwa kulera.

Amene anakulira kwathu andimvetsa. Ife tinaleredwa ndi amayi amene ankapita kusikelo mtima uli m'mwamba, kuopa kuti mzere wa pakhadi watsika. Mwana akakwera sikelo, amayi ankabwerera kunyumba akumwetulira njira yonse. Kafukufuku wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ku Malawi ndi opinimbira. Tinaona ndi maso athu ana a tsitsi lofiira akudyetsedwa chiponde. Ndiye mwana wamasaya odzadza kwa ife ndi dalitso. Ndikatumiza zithunzi kumudzi, agogo ake ankayankha kuti, "Koma mwanayu ku Ulaya kwamuyanja!" Ine ndinkanyadira.

Chimene chinanditsegula maso ndi khosi lake. Kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa khungu linada n'kukhuthala, ngati litsiro lokanirira. Kwa miyezi ndinkamukalipira kuti sasamba bwino. Loweruka lina ndinamukhazika m'bafa n'kumukhula ndi chinkhupule mpaka analira, koma kudako sikunachoke. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi, mayi wina amene ndi namwino anakweza malukidwe a mwanayo, n'kundikokera pambali. Anati, "Achemwali, ili si litsiro ayi. Pitani naye akamuyeze shuga." Madokotala amakutcha acanthosis nigricans, ndipo nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kukana insulin, imene imathandiza kuchepetsa shuga m'magazi. Pakhungu lakuda ngati lathu n'kosavuta kuchiphonya. Mpaka lero ndikakumbukira chinkhupule chija mtima umandiwawa.

Magazi anaonetsa kuti matenda a shuga sanafike, koma ali pakhomo.

Apa m'pamene ndinayamba kufufuza, ndipo ndinapeza kuti si mwana wanga yekha. Pa ana a Year 6 ku England, pafupifupi 22 mwa 100 ali ndi vuto la kunenepa kwambiri, koma pakati pa ana akuda ndi pafupifupi 30 mwa 100. M'madera osauka kwambiri vutoli ndi lowirikiza kawiri poyerekeza ndi madera olemera, ndipo ambiri a ife timachita lendi m'madera osaukawo, kumene mashopu a nkhuku yokazinga ndi tchipisi ali ndondondo panjira yochokera kusukulu. Komanso anthu ochokera ku Africa ndi ku South Asia matenda a shuga a mtundu wachiwiri amatigwira tili aang'ono kuposa azungu. Ndikudziwa kuti ena mwa ife amati muyezo wa BMI, woyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, sunapangidwire ana akuda, ndipo pali ofufuza amene anaonetsadi kuti umatha kukokomeza mafuta a m'thupi mwa ana ochokera ku Africa. Zimenezo n'zoona, koma zisakhale chifukwa chotayira kalata. Zikhale chifukwa chopita kwa dokotala kuti amuone mwanayo yense, magazi ndi BP zomwe.

Chithandizo chilipo. Kuyambira mu 2021 NHS, bungwe la boma loona za umoyo kuno, inatsegula zipatala zapadera za ana amene kunenepa kwayamba kuwabweretsera matenda ena, zotchedwa Complications from Excess Weight. Zinayamba 15, kenako anazionjezera. Kumeneko mwana amakumana ndi dokotala wa ana, katswiri wa zakudya ndi mlangizi wa maganizo. Palinso maphunziro a mabanja amene makhonsolo ena amakonza. Koma njira yofikira kumeneko inalimidwa moganizira moyo umene si wathu.

Ine ndimasamalira okalamba, mashifiti a maola 12. Maphunziro oyamba amene tinatumizidwako ankachitika masana pakati pa sabata, mabasi awiri kuchokera kwathu. Ndinajomba kawiri chifukwa cha ntchito, ndipo kalata inabwera yakuti atichotsa pamndandanda poti sitikuonetsa chidwi. Palibe amene anaimba foni kufunsa chimene chavuta. Tinayambiranso kudikira.

Titalowa, pepala la zakudya limene tinapatsidwa linali ndi pasta, mbatatesi, buledi ndi chimanga cha m'mapaketi cha m'mawa. Ndinafunsa kuti, nanga nsima mwana adye yochuluka bwanji? Mayi amene ankatilangiza za zakudyayo anali wamtima wabwino, koma nsima sanaimvepo. Ndinachita kumuonetsa pafoni. Anati mwina tingoisiya. Kusiya nsima m'nyumba ya Mmalawi! Malangizo otere munthu amavomera ndi mutu, akafika panja n'kuwasiya pomwepo. Chonsecho chakudya chathu sichinali mdani. Nyemba, usipa, mpiru, nkhwani wotendera, therere, zonsezi n'zabwino. Amene anatithandiza ndi katswiri wina amene tinakumana naye pambuyo pake, wobadwira ku West Africa. Anangofunsa kuti, "Mumaika mitanda ingati, ndipo mafuta mumathira ochuluka bwanji mu ndiwo?" Tinagwirizana mtanda umodzi wofanana ndi chibakera cha mwanayo, ndiwo zamasamba theka la mbale, zakumwa zotsekemera zichoke m'firiji. Anafunsanso chimene mwana amadya ine ndikakhala ku ntchito usiku, ndipo apo m'pamene panali gwero lenileni: mabisiketi ndi zakudya zongotenthetsa, ali yekha ndi mlongo wake pa TV.

Pali mantha enanso amene sitiwatchula pagulu. Ambiri tili ndi ma visa olembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti sitiloledwa kulandira ndalama zina za chithandizo cha boma, ndipo timaopa kuti kupita ndi mwana ku chipatala chapadera kudzatiipitsira mapepala. Chithandizo cha NHS sichili m'gulu la ndalama zoletsedwazo. Kaya munalipira £776 pachaka ya umoyo wa mwana pofunsira visa, kaya muli pa visa ya ogwira ntchito za umoyo imene salipiritsa ndalamayi, mwana wanu ali ndi ufulu woonedwa. Kulembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, sikufuna umboni wa mapepala a imigireshoni. Ena amaopa a social services, a boma oona za chisamaliro cha ana, kuti mwana akapezeka wonenepa amulanda. Ine palibe amene anandiopseza choncho. Amene amapita yekha kukapempha thandizo amaonedwa ngati kholo losamala.

Kwa oyendetsa chithandizochi ndikupempha zinthu zotheka: ikani nthawi zina madzulo kapena Loweruka, imbani foni musanachotse banja pamndandanda, ndipo phunzitsani akatswiri anu zakudya za anthu amene ali m'dera lanu. Bwerani kumatchalitchi ndi kumizikiti kwathu, tidzakupatsani mpando. Kwa atsogoleri a magulu a Amalawi kuno, pa zikondwerero za pa 6 July patulaniko mphindi makumi awiri namwino alankhule za nkhaniyi. Anamwino tili nawo ambiri pakati pathu.

Ndipo azakhali ndi amalume, chonde lekani kumutchula mwana kuti "chidunthu" kapena kumutsina mimba pagulu. Wanga anasiya kusambira chifukwa cha mawu otere, ndipo zinatenga mlangizi miyezi kuti abwerere m'madzi. Panopa amasambira Lachiwiri lililonse, khosi layamba kuyera, ndipo mwezi wamawa tikukayezetsanso magazi. Shifiti ya tsikulo ndasinthana kale ndi mnzanga.

Mayi wa ana awiri,
Kumpoto kwa England